Mazira Otsiriza a Nkhuku za Ababa

Lachisanu, 6 Juni

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ndipo ntchito siinakumalizeni. Kuno amayi ali bwino, kupatula miyendo yawo ija. Ababa ali chimodzimodzi: akudya, dzanja lamanzere likugwira, koma mbali yakumanja yonse ili zii, ndipo pakamwa pakungotuluka "aa, aa" amene munamumva pa foni mwezi watha.

Ndalemba m'malo moimba chifukwa nkhani iyi ababa sayenera kuimva. Makoma a nyumba yathu mukuwadziwa, munthu akayetsemula kukhitchini wa kuchipinda amati pepani. Inunso musaimbe, muzingolemba.

Nkhuku zatha. Chitopa chinalowa kumayambiriro kwa sabata, ndipo dzulo ndakwirira tambala womaliza, wa mchira wakuda uja. Zonse, achemwali, zamawanga zija ababa akhala akusankha ndi kukweretsa kuyambira inu muli ku sekondale. Katemera ndinkangoti ndipereka mawa, ndipereka mawa. Botolo lake likadali pawindo, likundiyang'ana.

Chatsala ndi mazira. Amayi anali atatolera a sabata yatha matenda asanafike, akwana mathireyi atatu, ali m'kabati ya pabalaza. Mtundu wonse wa nkhuku za ababa uli m'kabatimo. Akaswa, tauyambanso. Akapanda kuswa, wathera pomwepo. Ndipo mazira sadikira munthu. Amayi akuti akakhalitsa osafungatiridwa amayamba kufa okha.

Ndiye ndinapita kukadzutsa Thadzi, firiji yakale ija ababa anaisandutsa makina oswera mazira. Ikadali m'kachipinda ka katundu, kuseri kwa khoma la bedi lawo. Hita yake ikuyaka, mota yopendeketsa mathireyi ikuzungulira. Koma kompyuta yakale imene imayendetsa zonsezi, nditangoiyatsa, inalira ngati mphaka wopondedwa mchira n'kutulutsa utsi. Wokonza mafoni wa pafupi ndi shopu yanga wandibwereka ina yaing'ono pamodzi ndi chingwe chake. Pulogalamu imene ababa analemba ndaipeza pa fulashi m'chitini cha misomali, ndipo ndakutumizirani. Wokonza mafoniyo waiyang'ana n'kunena kuti iye malire ake ndi mabatire.

Ine ndimameta mitu, za m'kati mwake sindizidziwa. Inu zinthu zimenezi ndiye ntchito yanu. Tithandizeni msanga, ndipo mutiuze mmene mulili.

Mlongo wanu,
Mzime

Lamlungu, 8 Juni

Mzime,

Moni kwa nonse. Kalata yako ndinaiona Lachisanu lomwelo koma ndinasowa poyambira. Za nkhuku zandipweteka kwambiri. Usadzizunze ndi za katemera. Iwe wakhala ukuwasambitsa ababa, kuwatembenuza, kuwameta, ine ndili kuno kutumiza moni. Atangogwa ndinati ndibwera, kenako ndinati mwezi wa mawa, lero taona miyezi yadutsa. Ngati pali woyenera kuchita manyazi m'banja muno, ndine.

Fayilo ndaitsegula. Pamwamba penipeni ababa analemba kuti, "Wofuna kusintha pulogalamuyi ayambe wasamba m'manja." Ndinaseka, kenako ndinalira pa desiki anzanga akuona, n'kuitseka. Moti ndawerenga za pamwamba zokha. Sabata ino kuntchito tikupereka pulogalamu kwa kasitomala wamkulu, abwana akungoyenda kumbuyo kwathu. Koma za ababa si zovuta, ndi fayilo imodzi yokha.

Tamvera tsono. Zimene ababa analemba ndi mawu oti munthu awerenge, kompyuta siingawamve mmene alilimu. Pali pulogalamu ina yotchedwa kompayila imene imawerenga mawuwo n'kuwasandutsa malamulo a makina. Ikapeza cholakwika imakana, n'kulemba chifukwa chake. Kompyuta yatsopanoyo imalankhula ndi chingwe mosiyana ndi yakale, choncho ndasintha mizere ingapo ya pamwamba, n'kuwonjezera umodzi woitana fayilo yotchedwa unistd.h. Imeneyi imabwera ndi kompyuta. Mafayilo otere timawatcha maheda, ndipo m'menemo muli maina a ntchito zimene kompyuta imadziwa kale kuchita payokha, monga kutsegula, kuwerenga ndi kutseka.

Kopera fayilo ndakutumizirayi, ulembe mzere ndaulemba m'munsiwu, udine batani lalikulu. Ikakhala chete ndiye kuti yavomera. Ikalankhula, undijambulire.

Zowabisira ababa mtima wanga sukuzivomera, koma ndilibe pakamwa. Amene muli nawo ndinu. Amayi uwauze apumitseko miyendo.

Chemwali wako

Lolemba, 9 Juni

Achemwali,

Tadzuka, kaya inu. Yalankhula. Yalankhula zofiira, ndipo chithunzi chake ndi icho. Ine ndikungoonapo mawu awiri akubwerezedwa: sleep, ndi unistd.h yanu ija. Wokonza mafoni akuti ikudandaula kuti dzina la sleep lapezeka kawiri mosiyana, kwa ababa ndi kwa eni kompyuta. Ndazimitsa n'kuyatsanso, yakana. Ndadina batani mwamphamvu, yakana. Ndaipempha mwaulemu, yakanabe.

Mutu wanga suli pa ntchito. M'mawa uno ndameta munthu mbali imodzi n'kumuchotsa nsalu kuti tatha. Mwamwayi ndi kasitomala wakale, anangondifunsa ngati ndi sitayilo yatsopano.

Amayi akumatembenuza mazira ndi manja m'kabati muja, dzira lililonse akulilankhula. Ababa akumayang'ana pawindo la kukhola, kenako n'kuyang'ana ine. Ndimawauza kuti zonse zikudya bwino, n'kutuluka msanga ngati ndaiwala kanthu pamoto. Sindingathe kupitiriza chonchi nthawi yaitali.

Mazira akukalamba, achemwali. Chonde, lero lomwe.

Mzime

Lolemba, 9 Juni

Mzime,

Ndili m'sitima, batire ikutha. Vuto ndi laling'ono, usade nkhawa. Ababa analemba ntchito yawoyawo yodikirira n'kuitcha sleep, chifukwa kompyuta yakale inalibe. Yatsopanoyi ili nayo kale ya dzina lomwelo mu heda ija, ndiye kompayila ikusowa kuti imvere iti. Zili ngati ometa awiri kupachika chikwangwani chimodzi pa khomo limodzi. Mmodzi achoke.

Pita kumunsi kwa fayilo, upeze pamene palembedwa void sleep, ufufute kuyambira pamenepo mpaka kumapeto. Ya kompyuta igwira m'malo mwake, zonse ndi zodikirira basi. Undiuze zikatheka.

Chemwali wako

Lachiwiri, 10 Juni

Achemwali,

Moni wa chimwemwe! Sukulu yanu ija siinapite pachabe. Ndinafufuta monga munanenera. Mizere yake inali yambiri ndithu, koma ndinati mwini ntchito wanena, ine ndine yani. Nditadina batani, zii. Yavomera! Ndinavina ndekha m'kachipindamo mpaka ndinagunda mutu ku shelefu.

Mazira talowetsa m'mawa uno, mathireyi onse atatu. Amayi anapemphera kaye, ine ndinatseka chitseko cha firiji. Thadzi yadzuka, ndipo yadzuka ndi mphamvu. Mukukumbuka kale imangoti gwede mwa apo ndi apo, munthu mpaka kuiwala kuti ilipo? Pano ikungoti gwede uku, pang'ono gwede uko, osapuma. Kompyuta zatsopanozi n'zakhama, si nkhalamba ija inkachita kuganiza kaye. Chimodzi chokha, manambala aja ankaoneka pa sikirini sakuonekanso, pangokhala kamzere kakuphethira. Ndikuganiza kuti ndi mmene zatsopano zimakhalira. Si choncho?

Chondidetsa nkhawa ndi ababa. Chiyambire Thadzi kulira, atenga kapu yawo yachitsulo, akungomenya khoma. Ndikalowa akuloza kukhomako, "aa, aa," maso ali psuu. Amayi akuti mwina wina wawanong'oneza za nkhuku. Ine ndikuti akwiya kuti tagwira makina awo. Mukukumbuka mmene ankatithamangitsira tikangosuzumira m'kachipindamo? Ndawauza kuti, "Ababa, zonse zili m'manja mwa achemwali, inu gonani." Atamva zimenezo ndiye anamenya kwambiri, mpaka ndawalanda kapuyo n'kuwapatsa yapulasitiki.

Sizinandisangalatse kuwalanda chinthu m'manja. Koma akadzaona anapiye adzatikhululukira zonse. Mundiyankhe za manambalazo mukapeza mpata.

Mlongo wanu,
Mzime

Lachitatu, 11 Juni

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndalemba papepala, mlongo wako ajambula akutumizire. Ndikukhulupirira uli moyo, popeza kalata yake ya dzulo sunayankhe.

Bambo ako andiopsa lero. Masana ndinapita kukatenga mankhwala awo, mlongo wako ali ku shopu. Pobwera ndinapeza bedi lili lokha. Ndinaitana, ndinayang'ana kubafa, kunalibe. Ndinakawapeza pansi m'kachipinda ka katundu. Anatsika okha pabedi n'kudzikoka ndi dzanja limodzi mpaka kumeneko. Chigongono chasupuka, bondo latupa. Waya wa makina anali atauzula, ali nawo m'manja, ndipo chitseko cha firiji chili pululu, mazira onse pamtunda.

Ndinawakalipira, mwana wanga. Chikwatiraneni sindinawakalipirepo chotero. Ndinati, "Mukufuna kupha mazira anu omwe? Mukudziwa mmene ana avutikira?" Iwo akungoloza firiji, akundikoka siketi, malovu akutuluka. Mlongo wako atafika anawanyamula kuwabwezera pabedi. Analumikizanso waya, ine ndinatseka firiji. M'katimo munali mukadali motentha ngati mu uvuni, ndiye ndinathokoza Mulungu kuti mazira sanazizidwe. Kenako mlongo wako anaika loko pa chitseko cha kachipindako, kiyi n'kuika m'thumba.

Anamwino a nyumba yachitatu ija anabwera kudzatsuka bala. Akuti matenda amenewa akafika pena amasokoneza mutu, munthu amayamba kuwononga zinthu zake zomwe. Anandisiyira mapiritsi okhazika mtima pansi. Bambo ako anakana kumwa, anatseka pakamwa kuti gwa. Ndiye ndinaphwanya limodzi n'kuwaikira mu tiyi. Anamwa akundiyang'ana. Pano ali chigonere, misozi yaumira m'mbali mwa maso.

Munthu amene ankakwera mapolo kukonzera tauni yonse matelefoni, lero akuzula mawaya ngati kamwana. Ndikuopa kuti mutu wayamba kupita. Ndipo za tiyi zija zikundidya, ngakhale anamwino akuti ndachita bwino.

Sindikupempha kanthu. Ndikungoti ubwere udzawaone asanakuiwale. Ntchito siidzatha, koma bambo ndi mmodzi.

Mayi ako

Lachinayi, 12 Juni

Mzime,

Ndaimba ngakhale unandiletsa, ndipo zikomo kuti wathamanga kukazula waya osandifunsa zambiri. Tsopano ndikulemba kuti umvetse, ndipo kalatayi uwawerengere amayi yonse, usadumphe.

Ababa mutu wawo uli bwinobwino. Wosokonezeka ndine.

Kalata yako ya Lachiwiri ndinaiwerenga ndikukwera masitepe a kuntchito. Unandifunsa za manambala, unandiuza kuti mota siikupuma, ine ndinangoti ndiyankha madzulo. Ya amayi ndaiona m'mawa uno. Nditafika pamene akuti m'firiji munali ngati mu uvuni, ndinasiya zonse. Ndinatsegula fayilo yoyamba ija n'kupita kumunsi, kukawerenga zimene ndinakuuza kuti ufufute ndisanazione n'komwe.

Sleep ya kompyuta imawerenga masekondi, ndipo palibe china chimene imachita. Ya ababa imawerenga mphindi. Ndipo pa mphindi iliyonse imafunsa choyezera kutentha, imalemba nambala pa sikirini, kukatentha imazimitsa hita, kukazizira imayatsa. Mtima wonse wa Thadzi unali m'mizere imeneyo. Titaichotsa, pamene ababa ankati dikira ola limodzi usanapendeketse mathireyi, kompyuta inayamba kudikira mphindi imodzi. Hita inayaka pachiyambi ndipo panalibenso woizimitsa. Kompayila inakhala chete chifukwa iyo imangoona ngati maina akugwirizana, za mazira siizidziwa.

Ababa anamva mota kuseri kwa khoma ikulira mphindi iliyonse, ndipo anadziwa chimene chachotsedwa. N'chifukwa chake ankamenya khoma. N'chifukwa chake anadzikoka pansi. Ankapulumutsa mazira awo kwa ine.

Maina akawombana chonchi, sufufuta ntchito ya munthu, umangoipatsa dzina lina. Ana amene amabwera kudzaphunzira ntchito kuno ndimawauza zimenezi sabata yoyamba. Ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ndabwezera mizere yonse, ndaitcha dzira_dikira, ndasinthanso paliponse pamene ikuitanidwa. Maina ena onse a ababa ndawayambitsanso ndi dzira_ kuti asadzawombanenso ndi a m'maheda. Ndayesa pa kompyuta yanga: manambala akutuluka, hita ikuzima pa nthawi yake. Zonsezi zanditengera nthawi yomwera kapu imodzi ya tiyi. Nthawi imeneyo ndi imene ndinakumana Lolemba.

Ika fayilo yatsopanoyi, uyatse. Usachoke mpaka uone nambala pa sikirini ndi kumva hita ikuzima yokha. Sindikudziwa ngati pali dzira lotsala lamoyo. Thireyi ya pansi, pamene labala wa chitseko anang'ambika n'kumalowetsa mpweya wozizira, mwina.

Ndipo chotsa loko uja. Uwauze ababa zonse, za nkhuku ndi za ine. Amayi asawapatsenso mapiritsi. Ine sindikudziwa kuti ndidzawayang'ana bwanji.

Chemwali wako

Lachisanu, 13 Juni

Achemwali,

Tili moyo, ndingonena choncho. Fayilo yatsopano yavomera, manambala abwerera, hita ndaimva ikuzima yokha. Thadzi yabwerera ku ulesi wake wakale.

Musadzitengere mlandu wonse. Inu munalakwa muli m'sitima, kutali. Ine ndinali pompano. Ndinaona mizere ikuchuluka, koma sindinafunse. Ndinamva mota, ndinati ndi khama. Safunsa anadya phula. Ndipo amene anawanyamula ababa ngati thumba, iwo akukakamira mwendo wa tebulo, n'kukiya chitseko iwo akumva, ndine.

Kalata yanu nditawawerengera amayi, anakhala kaye pampando wa kukhitchini. Kenako anatenga mapiritsi aja n'kukawataya kuchimbudzi.

Ababa anadzuka mochedwa, mutu uli wolemera. Ndinagwada pafupi ndi bedi n'kuwauza zonse. Nditafika pa nkhuku sanadabwe n'komwe, anangoloza khutu lawo, kenako windo. Ndinachedwa kumva, koma ndinamva: sabata yathunthu tambala sanalire pakhomo pano. Ife timangoyenda chonyang'ama ndi chinsinsi chimene mwini wake anachidziwa tsiku loyamba.

Ndinachotsa loko, ndinawakhazika pa mpando wanga wometera wakale uja wa mateyala, n'kuwakankha mpaka pa Thadzi. Anayang'ana nambala nthawi yaitali. Kenako anakoka kiyibodi ndi dzanja lamanzere, n'kuyamba kudina ndi chala chimodzi. Achemwali, analemba. Pang'onopang'ono, akuphonya, akufufuta, koma analemba kuti: MADZI M'MBALE YA PANSI. Nditayang'ana, mbale ija imanyowetsa mpweya inali itauma gwa.

Ndinatuluka panja kukalira. Miyezi yonseyi akhoza kulemba. Ife tinangoona kuti dzanja lolembera lafa, pakamwa pafa, basi tinatseka nkhani. Timawalankhulira ngati khanda, timakambirana za iwo pamutu pawo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza zowapatsa cholembera kumanzere. Ine ndimawameta sabata iliyonse, mutu umenewu ndimaugwira ndi manja anga.

Sanalembe china chilichonse tsikuli. Ndinati, "Ababa, pepani." Iwo anangoyang'ana sikirini.

Mzime

Lachinayi, 19 Juni

Achemwali,

Moni. Makalata anu atatu opita kwa ababa afika, ndawatsegulira pa kompyuta. Amawerenga okha, sandilola kukhala pafupi. Yankho sanapereke, ndipo ine sindiwafunsa.

Dzulo tinaunika mazira. Tinatseka makatani a kachipinda, ine ndikugwira tochi, amayi akupereka dzira limodzilimodzi, ababa akuyang'ana. Lamoyo limaoneka timitsempha tofiira ndi kadontho kakugwedera m'kati. Lakufa limangokhala mbee, kapena ndi kamzere ka magazi kozungulira. Ababa akagwedeza mutu, dzira limapita m'ndowa.

Thireyi ya pamwamba yonse m'ndowa. Yapakati yonse m'ndowa. Amayi anayamba kupereka mazira akuyang'ana kumbali. Phokoso la dzira likamagwera pa linzake m'ndowa sindidzaliiwala. Pa thireyi ya pansi, mzere wa kuchitseko, tinapeza asanu ndi awiri akugwedera. Ababa anawagwira okha limodzilimodzi, n'kulemba chizindikiro ndi pensulo.

Kenako analemba pa kompyuta kuti mwa amenewa ena adzafera m'njira, tisayembekezere onse. Analembanso tsiku loti tidzasiye kupendeketsa mathireyi, poti zimenezo mu pulogalamu mulibe, ankachita okha ndi switchi ya kumbuyo. Tikanapanda kuwafunsa tikanapha ndi otsalawa.

Pano masana onse amakhala m'kachipindamo. Amayi amawabweretsera tiyi, koma samwa mpaka amayi atamwako kaye. Amayi amamwako, kenako amapita kukhitchini. Zimenezi zikundipweteka kuposa za mazira.

Kodi tchuthi chija akupatsani?

Mlongo wanu,
Mzime

Loweruka, 28 Juni

Ababa,

Ndi ine ndemwe. Ndikudziwa kuti makalata anga akukukwanani, koma sindikutha kusiya. Muli bwanji? Bondo lija latsika?

Mzime wandiuza kuti lero ndi tsiku lozimitsa mota, ndipo mwazimitsa nokha. Fayilo yanu tsopano ndaiwerenga yonse, mzere ndi mzere, kangapo. Ndapeza pamene munalemba kuti hita isayake ndi kuzima pafupipafupi chifukwa imatopa ngati munthu. Ndinu amene munandiphunzitsa ntchito imeneyi ndili pa miyendo panu, ndipo ine ndinakufufutani ndi chala chimodzi ndili m'sitima.

Tchuthi andipatsa, ndifika pakati pa mwezi wa mawa. Sindikupempha kuti mundiyankhe. Ngati dzina ndinasankha lija silikukusangalatsani, ndiuzeni lina, ndisintha. Pepani, ababa. Pepani.

Mwana wanu

Lachinayi, 3 Julayi

Mwanawe,

Ndalemba ndekha. Chala chimodzi. Ndayamba dzulo.

Aswa anayi. Mmodzi wafa. Atatu akudya. Onse amawanga. Ngati pali tambala tidzamva akalira. Ngati palibe, mtundu watha. Tidikira.

Dzina latsopano ndi labwino. Lisiye. Lakale ndinatenga ndine lili ndi mwini wake, ndinkadziwa, ndinachita ulesi. Pamenepo mlandu ndi wanga.

Makalata ako ndawerenga onse. Mapepani achuluka. Mlongo wako naye akupepesa m'mawa ndi madzulo, mpaka wandicheka khutu pometa. Mayi ako sakupepesa, akungolira kukhitchini. Lero ndamwa tiyi wawo asanalawe. Nkhani imeneyo yatha.

Za mazira sindikusunga. Nkhuku zimafa.

Koma ndinagogoda masiku awiri. Munamva nonse. Aliyense anauza mnzake chimene ndikutanthauza. Palibe anabwera kudzandifunsa ine.

Ukabwera usandilankhule mokweza. Usafunse mayi ako kuti ndadya. Ndili pompo. Pakamwa ndi pamene pafa. Ine ndilipo.

Bambo ako